Kapulasitala Kamene Kanamatuka Pamwendo

Malemu amene agona patsogolo pathupa anabadwa pa 9 Malichi 1991, pachipatala chachikulu, ndipo za tsikulo palibe amene amatsutsa. Zotsutsana zinayamba pambuyo pake. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine bambo awo aang'ono, mng'ono wawo wa atelala, bambo a malemu. Abale sanandisankhe chifukwa cha sukulu, poti yanga inathera panjira, koma chifukwa ndinalipo kuyambira pachiyambi, komanso pabanja ponse amene manyazi anandithera ndine ndekha. Ndaona kale maso anu akuthamangira pampando uwo wopanda munthu, pambali pa mayi a malemu. Ndamvanso manong'onong'o kumbuyoko akuti, "Mwaona? Ngakhale lero sanabwere." Ugwireni mtima. Mpandowo tiufika, koma mundilole ndiyambire poyambira.

Malemu anafulumira kubwera, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Alamu anga, mayi awo, anachitidwa opaleshoni, ndipo podzuka anapeza mwana atamuthamangitsira kale kuchipinda cha ana obadwa masiku osakwana, chimene anamwino amachitcha nazale. Nkhope yake sanaione. Amene simunafikeko ndikuuzeni: ndi chipinda chotentha ngati mophikira buledi, mabokosi agalasi ali ndandanda, tiana tili gone, timapaipi m'mphuno, makina akulira tii tii ngati lole ikubwerera m'mbuyo. Amuna sitinkaloledwa kulowa. Ine ndi akulu anga tinkaima pawindo, mphuno zili pagalasi ngati ana osirira nsapato zam'sitolo. Namwino anatilozera bokosi lapakona. Munali ana awiri, onse aamuna, aliyense wosaposa paketi ya shuga, chifukwa mabokosi anali ochepa, ana anali ambiri. Chowasiyanitsa chinali kapulasitala komatidwa pamwendo, kolembedwa dzina la mayi ndi bolopeni. Mtundu wa munthu, kwawo, makolo ake, zonse zinali pa kanthu kosaposa chala changachi. Atelala anapenyetsetsa ndi diso lolowetsera ulusi pasingano lija, n'kunena kuti, "Wathu ndi watsitsi lambiriyo."

Sabata yachiwiri magetsi anathima masana dzuwa likuswa mtengo. Jenereta inkangokwanitsa mbali imodzi ya chipindacho. Namwino anali yekha ndi ana odzaza nazale, mnzake atamubwereka kukathandiza kwa amayi ochira. Namwinoyo anachita zimene aliyense wamtima akanachita: ananyamula tianato n'kutiunjika m'mabokosi amene anali akutenthabe. Anawapulumutsa, zimenezo tisamulande. Koma magetsi atayaka, powabwezera m'malo, anapeza timapulasitala tiwiri ta anyamata a m'bokosi lapakona aja tili pansalu, titamatuka ndi kutentha. Anatitola n'kutimatanso. Kaya anamata pamwendo woyenera, kaya anasemphanitsa, amene akudziwa ndi Mulungu. Mayi wina amene anabwera kudzafinyira mwana wake mkaka anaona zonsezo, ndipo mukudziwa kuti nkhani ya m'chipatala imathamanga kuposa ambulansi. Pasanapite nthawi mmodzi wa anyamata awiri aja anamwalira, abale ake anamutenga n'kupita naye kwawo kumene sitikudziwa. Wotsalayo anatipatsa ife. Kumutu kunali see, ngati dzira.

Namwino anati, "Tsitsi la ana oterewa limathothoka, bambo, musadandaule." Mwina n'zoona. Akuluakulu a chipatala anatilowetsa mu ofesi yozizira bwino, anatipatsa mipando yofewa, n'kutiuza kuti palibe chimene chinalakwika. Titafunsa kuti nanga ngati palibe chalakwika, namwino uja amusamutsiranji ku wodi ya amuna othyoka miyendo, anati afufuza. Ine ndayenda, ndagulitsapo matayala akale, ndagulitsapo mawotchi oima, ndimadziwa nkhope ya munthu amene akukugulitsa chinthu chakufa. Kufufuzako mpaka lero kukadali m'njira.

Kuyambira chaka chimenecho m'nyumba ya akulu anga munalowa mlendo wosatsanzika, ndiye chikayiko. Ndinene chilungamo pamaso pa bokosili: atelala sanamuthamangitse mwana, sanamumane chakudya, sanamumenyepo koposa mmene tonsefe tinamenyedwera. Koma pakamwa pawo sipanatulukepo mawu akuti "mwana wanga". Ankati "mwana wam'nyumba muno", akakwiya ankati "mwana wa mayi akeyu". Mumtima mwawo, wawo anali watsitsi uja, amene anakwiriridwa ndi anthu ena, kwina. Alamu anga anangoyankha kamodzi kokha, ine ndilipo, akuchapa matewera: "Amene wayamwa bere langa ndi wanga. Mukafuna wina, mukabereke nokha." Atatero sanaikambenso nkhaniyo.

Mu 1997 malemu anayamba sukulu ya pulayimale. Apa ndi pamene dera lonse linadziwira kuti nkhani ija sinathe. Atelala amene ankasoka mayunifomu a ana a msewu wonse, amene anasokera alongo awo a malemu awiri madiresi a mapindo atatu, sanasoke yunifomu ya mwana wam'nyumba mwawo. Anamutumiza kwa telala wa tsidya la msewu, mdani wawo, munthu wosoka mkono wina wautali wina waufupi ngati akusokera nkhanu. Tepi yoyezera inkamukhudza mwanayo, inde, koma osati pamapewa. Ndinawapezapo atelala akumuyeza khutu, kenaka n'kudziyeza lawo pagalasi lamakasitomala. Atandiona anati akuchotsa kachilombo. Ndinawafunsa ngati tizilombo masiku ano timachotsedwa ndi tepi, ndipo sanandilankhule mpaka mvula inagwa. Ana a kusukulu, amene makutu awo amatola zonse zimene makolo akunong'onezana, anamupatsa dzina loti Kapulasitala. Ambiri a inu mumawadziwa ndi dzina limenelo, ena mwadziwa lero kumene linachokera.

Malemu anamaliza sekondale mu 2010. Sanali oyamba m'kalasi, koma analinso kutali ndi kumchira kumene ine ndinkakhala. Chimene aphunzitsi amawakumbukira nacho n'chakuti chinthu chawo chilichonse chinali cholembedwa dzina. Kapu dzina, ndowa dzina, nsapato iliyonse payokha dzina, ngakhale supuni analemba ndi msomali. Tinkawaseka kuti tsiku lina adzalemba dzina pa mthunzi wawo. Iwo ankangomwetulira n'kunena kuti, "Bambo aang'ono, chinthu chosalembedwa chimapita kwa eni ena."

Mu 2012 anapeza ntchito ku ofesi yotumiza katundu pamabasi, ndipo anagwira kumeneko mpaka kudwala kwawo. Ntchito inakumana ndi mwini wake. Anzawo ogwira nawo ntchito ali pano, andikonze ngati ndikunama: katoni ikafika pamanja pa malemu inkalembedwa mbali zonse, pamwamba ndi pansi pomwe, ndi inki yosafufutika. Pepala lomata ankalikana. Bwana wawo atabweretsa makina otulutsa timapepala tomata, malemu ankamata, kenaka n'kulembanso ndi dzanja pambali pake. Makasitomala ankadandaula kuti mzere sukuyenda, koma katundu wawo ankafika.

Anzawo ena ophunzira anawauzapo kuti masiku ano kuli zoyeza magazi, munthu amadziwa bambo ake enieni. Malemu anakana. Anandiuza ine, tili pakhonde, kuti, "Akakandiuza kuti si ine, ndipita kuti? Kumanda kukasinthana malo ndi mnzanga uja?" Nditawafunsa atelala, nawonso anakana, koma mwa njira yawo: "Anthu amene analephera kusunga kapulasitala, ndikawapatse magazi anga?" Pa nkhani yokhayo awiriwa anagwirizana, ndipo ine ndinati mumtima, kuuma mutu kumeneku ndakuonapo penapake.

Pa 24 Ogasiti 2019 malemu anamanga banja ndi mayi aulemu awa akhala apawa, amene ambiri mumawadziwa kusaluni yawo pafupi ndi depoti. Suti ya ukwati anagula yosokasoka m'sitolo, ndipo mikono inali yaitali moti mphete anaivala atakwinya jekete. Atelala anakhala kutsogolo, maso ali pa mikono ija kuyambira pemphero loyamba mpaka lomaliza, zala zikuyenda pabondo ngati akupinda nsalu. Ndinawanong'oneza kuti, "Akulu, singano muli nayo m'thumba, ndaiona." Anati, "Samala zako." Sanaitulutse.

Malemu anayamba kudandaula za kutupa miyendo mu Novembala 2024. Poyamba tinkati n'chifukwa choima tsiku lonse pakauntala. Mu Januwale chaka chino madokotala anapeza kuti impso zawo zasiya kugwira bwino ntchito, ndipo anawagoneka pachipatala chomwe chija anabadwira, mu wodi ya amuna, pamwamba. Nthawi imeneyo n'kuti akazi awo ali oyembekezera mwana woyamba, amene anamudikira zaka zonsezi. Tinawaletsa kukwera masitepe aja ndi mabeseni, sanamve, ndipo ndani akanamva? Pa 11 Febuluwale mwana wamkazi anabadwa, miyezi isanu ndi iwiri, ngati bambo ake. Anamuthamangitsira pansi, ku nazale yomwe ija.

Ndinakaimanso pawindo lija, imvi zili mbuu, ndipo ndikuuzeni zimene ndinaona, chifukwa ena mwa inu muli ndi ana oyembekezera. Penti ndi watsopano. Mabokosi ena ndi atsopano. M'malo mwa pulasitala tsopano amamanga kachibangili kapulasitiki, ndipo pamenepo ndawayamikira. Pakhomo pali sinki ndi chikwangwani chachikulu chonena kuti sambani m'manja, koma botolo la sopo tsiku lina limakhala ndi sopo, tsiku lina madzi a mtundu wa sopo. M'bokosi limodzi ana awiri, monga kale. Makina akalira tii tii sikuti wina amatembenuka msanga, chifukwa namwino amene akanatembenukayo manja ake ali pa mwana wina amene wasiya kupuma. Sindikunyoza anamwino. Ndawaona akudya chiimire, ndawaona mapazi atatupa kuposa a odwala. Amene ndikuwakayikira ndi a mu ofesi yozizira ija, amene amadziwa kuti munthu ali ndi manja awiri okha koma amamupatsa ana odzaza chipinda.

Malemu atamva kuti mwana ali ku nazale anafuna kudzuka, mapaipi ali m'mikono, mpaka anawagwira anthu awiri. Masana ake kunabwera atelala. Ankabwera ndithu, tisawanamizire, koma ankaima kumiyendo kwa bedi, chipewa m'manja, ngati munthu wodzaona mwana wa neba. Tsiku limenelo malemu anawaitana kuti asendere. Ine ndinali pomwepo ndikusenda lalanje, ndipo mawu awo ndawasunga: "Bambo, diso lanu lija mwalithera pa ine zaka zonsezi, ndipo silinapeze kanthu. Ine sinditha kutsika. Tengani disolo mupite nalo pansipo, likagwire ntchito." Atelala anavala chipewa n'kutuluka. Ndinati basi, zathera pomwepa, mkuluyu wakwiya.

M'mawa mwake ndinawapeza pabenchi ya pakhomo la nazale, shopu atatseka. Kuyambira tsiku limenelo anamwino anaona zakuda. Aliyense wolowa, kaya ndi dokotala, kaya wokolopa, ankamva mawu kumbuyo: "Pepani, m'manjamo mwasamba?" Mwana akasunthidwa pang'ono, ankagogoda pagalasi kuti awaonetse kachibangili. Tsiku lina anautsa chipatala chonse, akuti awasinthira mwana, wawo sanali wabuluu. Sisitala wamkulu wa nazale, mayi wamfupi wosaopa munthu, anawagwira dzanja n'kuwaonetsa kuti ndi nyale yochizira chikasu, ndipo akaithimitsa mwana amabwerera mtundu wake. Anawauza kuti, "Agogo, funsani mmene mungathere, kufunsa sitiletsa. Koma mukagogodanso galasi langa, ndikugonekani m'bokosimo inuyo." Kuchokera pamenepo anakhala mabwenzi a mtundu wa mphaka ndi galu a nyumba imodzi.

Sisitala yemweyo ndi amene ananena kuti ana oterewa amataya kutentha kudzera kumutu, akufunika tizipewa. Atelala anasowa pabenchi theka la tsiku. Anabwera ndi kachipewa kokhala ndi mabatani ndi maluwa, sisitala anakabweza, akuti mabatani ndi ngozi ndipo nsalu iyenera kukhala yofewa, yochapika. Anabwera ndi kena, kopanda chokongoletsa chilichonse kupatula chinthu chimodzi: kutsogolo kwake anasokapo dzina ndi ulusi wofiira. Osati dzina la mayi monga amachitira achipatala, koma dzina la banja lathu, dzina lawo lomwe atelalawo. Amayi ena ataona anayamba kupempha, ndipo lero mukasuzumira pawindo lija muona tizipewa ta mayina ndandanda. Sisitala anawachenjeza kuti chipewa chimavulidwa, chimatha kusinthana, chodalirika ndi chibangili. Atelala anati ndi bwino, aziyang'ana zonse ziwiri.

Ndinajambula kachipewako pafoni n'kukwera nako pamwamba. Malemu n'kuti atafooka kwambiri, koma anayang'ana nthawi yaitali, akukulitsa chithunzicho ndi zala. Kenaka anaseka, kuseka kwenikweni kumene tinali titakuiwala, n'kunena kuti, "Kani makina awo osokera aja amatha kulemba dzina limeneli?" Anapempha kuti foniyo ndisaichotse msanga.

Malemu anatisiya pa 12 Malichi 2025, m'mawa, ali ndi zaka 34, mayi awo ndi akazi awo ali pambali. Mwana wawo sanamunyamulepo.

Tsopano tafika pampando uja. Mwanayo wayamba kupuma yekha, ndipo bokosi lake analipereka kwa wina wochepa kuposa iye. Panopa amakhala pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudza khungu, atamangidwa ndi nsalu, chifukwa kutentha kwa munthu ndiye bokosi lake. Akachoka pachifuwa nthawi yaitali amazizira, ndipo mwana wotere akazizira mukudziwa kumene zimathera. Mayi ake anati sangalephere kuperekeza mwamuna wawo. Sisitala anati, "Pitani, mkaka finyiranitu, koma mundisiyire chifuwa china." Tinayang'anana. Alamu anga akuika mwana wawo, sitingawachotse pano. Alongo a malemu onse awiri ali ndi chimfine, mukuwamva nokha. Ine ndinadzipereka, sisitala anangondinunkhiza kamodzi n'kunena kuti fodya wanga angagwetse ndi mwana wa miyezi isanu ndi inayi yemwe. Tikadali mkati mokambirana, tinaona atelala akumasula mabatani a shati.

Ndadzera konko m'mawa uno. Ali m'chipinda cha amayi, asamba mpaka m'zigongono, akhala pampando pakati pa azimayi oyamwitsa, chifuwa cha imvi chili pamtunda, ndipo pakati pake pakungooneka kachipewa ka ulusi wofiira. Munthu amene sindinamuonepo atavula ngakhale jekete pagulu. Azimayi aja akuwaseka, akuwatcha "mayi mnzathu", iwo ali duu ngati akulowetsa ulusi. Ndinayankhulira pakhomo, poti sanandilole kulowa. Ndinati, "Akulu, kumaliro anthu akanena. Akati mwamukana mpaka kumanda." Anati, "Anene. Woyamba uja ndinamuyang'anira pagalasi, n'chifukwa chake anandisokonekera. Uyu sachoka pakhungu langa. Ukawauze kuti sindibwera, ndagwira mwana wa mwana wanga." Ine makutu anga ndi abwinobwino, koma mawu amenewo ndawadikira zaka 34, sindikanawalola adutse kamodzi kokha. Ndinati, "Mwati mwana wa ndani?" Anati, "Wa mwana wanga, gonthi iwe. Tseka chitseko, ukulowetsa mphepo."

Ndiye amene munabwera kudzawerenga mipando, kauzeni amene anakutumani. Za kapulasitala kaja sitidzadziwa, ndipo amene akuti akudziwa akunama. Koma lero mpandowo uli wopanda munthu chifukwa mwini wake watumidwa ndi malemu, ndipo wapita.

Malemu asiya akazi awo, asiya mwana wamkazi mmodzi amene akulimbana ndi moyo ku nazale, asiya mayi awo, alongo awo awiri, ife abambo aang'ono ndi azakhali, ndiponso asiya bambo awo, atelala. Ndabwereza kuti akumbuyo amve: bambo awo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza a mpingo, aneba amene mwatigwira manja kuyambira tsiku loyamba, anzawo a kuntchito amene mwatithandiza ndi galimoto, amayi a kusaluni amene simunamusiye mnzanu yekha, ndi anamwino a mu wodi ya amuna. Ndikuthokoza mwapadera sisitala wa nazale ndi anzake, amene akugwira ntchito ya anthu khumi ndi manja awo ochepawo. A mu ofesi yozizira, nkhata yanu yamaluwa tailandira, zikomo, koma mukadatumiza namwino wina ndi botolo la sopo ku chipinda chija tikadathokoza koposa. Pempho la banja ndi lakuti amene mukufuna kukaona mwana muyambe mwadikira. Wachifuwa, wachimfine, wafodya ngati ine, tikaonere pawindo. Ndipo amene mudzagonekedwe ndi mwana kumeneko, funsani, yang'anani chibangili, musachite manyazi.

Pomaliza, mukamadutsa kudzatsanzika, muyang'ane pachivindikiro cha bokosili. Dzina lawo lonse lili pamenepo, pachitsulo, ndipo ndaimirira ndekha kalipentala akulikhoma ndi misomali. Limeneli silimatuka. Pitani bwino, a Kapulasitala, mwana wa atelala. Mzimu wanu uuse mumtendere.